Chidole cha Bafuta

Chisomo, Mphatso ndi iwe Dalitso, mwandiumiriza mokwanira kuti ndilembe za ntchito yanga, ati m'malo momangokhalira kukangana ndi wailesi tsopano pamene ndapuma. Chabwino, cholembera ndagwira. Za ubwana wanga ku Ntcheu sindinenapo kanthu, ndinakula monga anakulira aliyense. Ndiyambira pa ntchito. Moyo wanga wonse ndaphunzitsa ana a sukulu ya mkaka muno mu Mzuzu, ndipo ndatsirizira ku Kaning'ina kumene ananditsanzika bwino ndi nyimbo ndi nsalu. Koma pali sukulu imodzi imene sananditsanzike, anachita kundithamangitsa, ndipo inu mpaka lero mumangodziwa zoti amayi anayambana ndi abwana awo ku Luwinga. Mudziwe bwinobwino chimene tinayambanirana. Amati munthu akakula mtima umazizira. Wangawu zimenezo sunazimve.

Chaka chimene Chisomo anayamba kuyenda: Mzilawaingwe

Tinabwera ku Mzuzu bambo anu atawasamutsa pa ntchito yawo yoyendetsa lole. Ndinafika ndi mwana kumsana, juzi imodzi yopyapyala yosagwirizana n'komwe ndi chisanu cha kuno, ndi liwu limodzi la Chitumbuka, yewo, ndiye kuti zikomo, limene ndinkayankha nalo chilichonse ngakhale munthu akundifunsa njira. Kutchalitchi ndinalowa ndili Naphiri, potuluka ndinali nditasanduka Nyaphiri, ndipo dzinalo linandikanirira mpaka lero. Mpingowo unali ndi sukulu ya mkaka m'kachisi wakale amene anamusiya atamanga watsopano. Mkulu wa mpingo amene ankayang'anira sukuluyo, a Mhango, anandimva ndikuimba m'kwaya, nati mayi wa mawu otere ana sangamugonere. Mafunso a ntchito anathera pomwepo.

A Mhango anali munthu wabwino, koma ubwino wawo unkathera pakamwa. Ukawauza kuti choko chatha, denga likudontha, ana akukhala pa simenti yozizira, ankagwedeza mutu mwachisoni n'kunena kuti, "Enya, amama, komiti ikuganizirapo chomene." Komitiyo inaganiza mpaka ine ndinachoka. Tinkalemba ndi makala pansi, ana ankakhalira masaka a feteleza, ndipo mvula ya mawawa ikayamba tinkasamukasamuka m'kachisimo kuthawa madontho ngati nkhuku. Phala linkapezeka mwezi umene azimayi a mpingo akumbukira. Zoseweretsa kunalibe ndi chimodzi chomwe. Ana okha ndiwo anandionetsa chochita: ankatola zitsononkho kuseri kwa chigayo, n'kuzikulunga m'masamba a nthochi, basi mwana wabadwa. Ndinayamba kuwasokera tizovala ta nsanza, ndipo pamenepo m'pamene ndinaidziwa ntchito yanga yeniyeni. Mwana ukamufunsa za kwawo amangokuyang'ana, koma ukamupatsa chidole amaulula zonse osafunsidwa. Kamtsikana kena kankagoneka chitsononkho chake n'kumachinong'oneza kuti chisalire, adada abwera ataledzera. Kamnyamata kena kankatukwana chake ndi mawu amene ine mayi wamkulu sindingawalembe pano. Ndinaona kuti zimene akuluakulu amabzala kunyumba zimamera pa chidole, ndipo pomwepo m'pamene munthu ungazule zina zisanakhwime.

Chaka chimene Mphatso anayamba Sitandade 1: Luwinga

Ndinachoka ku Mzilawaingwe chifukwa ana atatu sakula ndi "Mulungu akudalitseni". Ku Luwinga Mayi Msiska anali atatsegula sukulu yawoyawo m'nyumba yaikulu ya mpanda ndi geti lachitsulo, makoma ojambulidwa mbalame ndi zilembo. Kunkabwera ana a aphunzitsi a ku yunivesite, a anthu a m'maofesi ndi a eni mashopu. Mayi Msiska sankafuna kutchulidwa dzina, ankafuna "a Dayilekita", ndipo Chichewa kapena Chitumbuka chikamveka m'kalasi ankatulukira pakhomo ngati anunkhiza utsi. Mwana wa zaka zitatu akafuna kuchimbudzi azipempha m'Chingerezi. Ndinakolopa mikodzo yambiri chifukwa cha lamulo limenelo.

Mu ofesi mwawo munali kabati yagalasi, ndipo m'kabatimo munali zidole zimene mchemwali wawo anatumiza kuchokera kunja. Zinali zoyera mbee, tsitsi lachikasu lofika m'chiuno, maso otsinzina ukazigoneka. Kiyi ankayenda naye m'chikwama. Zidolezo zinkatuluka pokhapokha kukabwera makolo odzaona sukulu, ana n'kuzigwira mwamantha pojambulitsa, ndipo alendo akangotuluka pa geti zinkabwerera m'ndende mwake. Tsiku lina ndinawapempha kuti ana aziseweretsako.

"Madamu Phiri, mukudziwa kumene zachokera zimenezi?" anandifunsa. "Wana awa azithyola within one day. These are for display."

"Ndiye ana aziseweretsa chiyani, a Dayilekita?"

"Aziimba ma rhymes. Ndiyo ntchito ndinakulemberani."

Ndinapita kwa a Saidi, telala wa ku Mangochi amene ankasoka pakhonde la shopu pafupi ndi siteji ya minibasi, kukapempha zidutswa za nsalu. Anandipatsa thumba lodzaza, ndipo akazi awo atamva chimene ndikufuna anati, "Ndiye musokeko ndi wathu, wa mpango kumutu, ana anuwo adziwe kuti ifenso timabereka." Ndinasoka. Ndinasoka wakuda bii, wofiirira, wonenepa, wa mpango wachisilamu, wa magalasi a waya, ndi wina wa mwendo umodzi woyendera ndodo. A Dayilekita anaziyang'ana ngati apeza mbewa yakufa mu ufa, nati, "Zinsanza zanuzo zisaoneke kukabwera ma visitors." Ine ndinamva kuti andilola.

Sewero lathu tinkalitcha kuchipatala. Zidole zonse ndinkaziika m'dengu n'kuvundikira chitenje, ine n'kukhala namwino. Mwana aliyense, wamkazi kaya wamwamuna, ankabwera n'kupisa dzanja osasuzumira, ndipo amene watuluka ndiye mwana wake tsiku limenelo. Azimutcha dzina, azimusambitsa, azimubereka kumsana, azipita naye kumsika wathu wa timiyala kuseri kwa kalasi. Lamulo linali limodzi, ndipo ana onse ankalinena pamodzi tisanayambe: mwana sasinthitsa, si malaya a pa kaunjika. Poyamba kunkakhala misozi, wina akukana wa mwendo umodzi, wina akufuna kumuvula mpango uja. Ndinkakhala nawo pamphasa n'kuwafunsa kuti, mwana wakoyu anzake akamuseka, iwe kholo lake uchita chiyani? Kamnyamata kena, mwana wa abusa, katatulutsa wa mpango kanadandaula kuti, "Madamu, uyu sapemphera kwathu." Ndinati ndiye umutaya? Kanaganiza mpaka makwinya pachipumi, kenaka kanati, "Yayi. Ndimuperekeza ku mzikiti, ndimudikira panja." Ndamva maulaliki ambiri pa moyo wanga, koma ochepa anafika pamenepo.

Chaka chimene bambo anu anathyoka mwendo

Mukuchikumbukira chaka chimenecho. Lole inagubuduka, bambo anu anagona miyezi ndi chikhakha, ndipo nyumba yonse inkadya za m'manja mwanga. Ndi chaka chomwecho chimene kunabwera Lusungu. Anali wa zaka zinayi, mwana wachialubino, wa tsitsi ngati ndevu za chimanga, chipewa chachikulu, malaya a manja aatali, ndi maso amene ankanjenjemera akayang'ana kowala. Mayi ake ankagulitsa kaunjika m'tauni. Anali mayi wosalankhulalankhula, ndipo ankamubweretsa okha ndi kudzamutenga okha, osatuma munthu, chifukwa masiku amenewo wailesi inkangonena za ana otere akubedwa. A Dayilekita anamulandira, pakuti mpando wopanda mwana sulipira kanthu. Ndinamukhazika kutsogolo kuti aziona bolodi, ndipo nyimbo iliyonse yatsopano iye ndiye ankayamba kuiloweza. Masiku oyamba anzake ankamugwira tsitsi ndi kumufunsa ngati ndi mzungu. Zimenezo sizinandidetse nkhawa, ndi mafunso a ana.

Chimene chinandiimitsa mutu ndinachiona pa sewero. M'kalasimo munali Tawonga, mwana wa Mayi Mvula, mayi wa mu ofesi ina m'tauni, wa galimoto yakeyake, mnzawo wa a Dayilekita wa kutchalitchi, amene pa nthawiyo anali woyembekezera. Tawonga anali katswiri woyerekeza mayi ake. Tsiku limenelo anali atalowetsa chidole m'diresi, wagwira m'chiuno, akuyenda chopendama kubwera kwa namwino, tonse tikuseka. Lusungu anadutsa patsogolo pake kupita kukamwa madzi. Tawonga anaima, nakoka khosi la diresi lake, naweramitsa mutu, n'kulavulira m'katimo. Atsikana ena awiri amene anali ndi mimba zawo za zidole anachitanso chimodzimodzi.

"Tawonga, ukutani?" ndinafunsa.

"Ndikulavula, Madamu," anayankha mosabisa, ngati mwana amene wachita zoyenera. "Amama amatero tikakumana naye pa geti. Akuti ukapanda kulavula ubereka napweri."

Mwambowo ndinkaudziwa, si wa kumpoto kokha ayi, kwathunso azakhali anga ankachita: mayi wapakati akaona munthu wachialubino azidzilavulira pachifuwa kuti asabereke wotere. Koma kuuona pakamwa pa mwana wa zaka zinayi, amene ngakhale nsapato sadziwa kumanga, ndinamva thupi lonse kutentha. Ndinayang'ana Lusungu. Sanalire, sanadabwe n'komwe. Anamwa madzi ake n'kubwerera pamalo pake, ndipo kusadabwa kumeneko n'kumene kunandipweteka koposa, chifukwa kunasonyeza kuti malovu a anthu anawazolowera kale m'maminibasi ndi mumsika.

Tawonga sindinamukalipire. Make mbuu, mwana mbuu. Ukamenya mwana pamenepo wamenya wosalakwa. Ndinabwerera kwa a Saidi kukapempha kansalu koyera ka bafuta. Ndinasoka chidole china, tsitsi la khonje lalifupi, malaya a manja aatali ndi kachipewa, n'kuchiponya m'dengu pamodzi ndi zinzake. Woyamba kuchitulutsa anali mnyamata, ndipo anachitaya pansi ngati chamuotcha. Sindinalalikire. Ndinachitola, n'kuchisasa fumbi, n'kunena kuti poti mwanayu alibe mwini, namwino amutenga. Ndinamubereka kumsana tsiku lonse, pophunzitsa, pogawa phala, ndikumugwedeza ngati akulira. Ana ndi anthu ansanje, chimene Madamu wabereka aliyense amachifuna. Sipanapite nthawi anayamba kupempherera kuti atulutse iyeyo, ndipo anamutcha okha dzina loti Nyachipewa.

Tsiku limene Nyachipewa anagwera Tawonga mtima wanga unali m'mwamba. Anamuyang'ana nthawi yaitali, kenaka anapita kwa Lusungu nati, "Iwe, mwana wangayu ndikupita naye kumsika, koma kuli dzuwa. Nditani?" Lusungu, amene sankayamba kulankhula ndi munthu, anamulangiza ngati nesi wamkulu: chipewa chisachoke, umudzoze mafuta kumaso ndi m'manja, uyende mumthunzi, ndipo ukamuonetsa chinthu umuyandikizire. Kumsikako anapita onse awiri. Kuyambira tsiku limenelo ankakhala mphasa imodzi ndi kugawana mandasi. Pa mzere wopita ku geti, pamene ana ankayenda awiriawiri atagwirana manja, Tawonga sankalola wina kugwira dzanja la Lusungu, ngakhale kuti akangoona galimoto ya mayi ake ankalimasula msanga, poti mwana amadziwa kwawo. Kulavula kunatha m'kalasi mwanga popanda mwana ndi mmodzi yemwe kukwapulidwa.

Kenaka Lachisanu lina Tawonga anamuzembetsa Nyachipewa. Anamubereka kumsana, pamwamba n'kuvala juzi, ine osaona. Atafika pa galimoto anavula juzi monyadira nati, "Amama, onani mwana wanga! Ndikufuna bebi wathu adzabadwe chonchi." Mfuu umene anakuwa Mayi Mvula ndikhulupirira unamveka mpaka ku siteji. Anachithothola chidolecho kumsana kwa mwana, nachiponya m'ngalande, akulavulira m'bulauzi mwawo mobwerezabwereza kwinaku akuitana dzina la Yesu. Ndinatsikira m'ngalandemo ndekha kukachivuula, makolo onse akuonerera.

Lolemba lotsatira

Anandiitana mu ofesi ana asanayambe kuimba. Mayi Mvula anali atakhala pa sofa, maso ali psuu. Ndinene zoona, mayiyo ankaopa zenizeni, sankachita sewero. A Dayilekita anali kuseri kwa tebulo, kabati ija ili pamwamba pa mutu wawo. Patebulo panali kachitini ka polishi wakuda wa nsapato ndi burashi.

"Madamu Phiri, mwatichititsa manyazi chomene," anayamba a Dayilekita. "Amama awa sanagone weekend yonse."

"Mwanditemberera mimba," anatero Mayi Mvula. "Munasoka chinthu chija dala, n'kupatsa mwana wanga kuti achibweretse pa ine, n'kumuphunzitsa mawu oti anene. Ndinakulakwirani chiyani? Ku Ntcheu kwanuko mumatero?"

Ndinayesa kuyankha mwaulemu. Ndinati chidole ndi nsalu ndi thonje, sichilowa m'mimba mwa munthu. Ndinati Tawonga palibe anamuphunzitsa mawu, ananena za mumtima mwake, ndipo kusikelo kumene iwo amapita akhoza kuwauza kuti mwana wachialubino sabadwa chifukwa mayi waona kanthu. Anangopukusa mutu onse awiri. Pamenepo ulemu unandithera, ndinaloza kabati.

"Nanga awo? Si oyera kuposa wanga? Tawonga munamujambulitsa atanyamula mmodzi wa amenewo, chithunzi munachikonda. Bwanji simunalavule?"

"Yayi, that's different," anandidula a Dayilekita. "Awo ndi azungu."

Mawu amenewo akandibwerera ngakhale lero ndimasiya kudya. Khungu loyera likabwera pa ndege timalitsekera m'galasi n'kumalipukuta fumbi. Likabadwa konkuno, kwa mayi wa kaunjika, timalilavulira. Ndipo onena zimenezi anali mayi woyendetsa sukulu, wolera ana a anthu.

A Dayilekita ananena chigamulo chawo mofatsa, ngati akundichitira chifundo. Choyamba, chidolecho ndichipake polishi kuti chifanane ndi anthu. Anatero ndithu, chifanane ndi anthu. Chachiwiri, belu lowerukira likalira, Lusungu azitsala m'chipinda chosungiramo matsache ndi mipando yothyoka mpaka magalimoto onse atachoka, ndipo m'mawa azilowera kakhomo ka kuseri. "Only mpaka amama awa achire," anatero.

"A Dayilekita, pa sukulu ya mkaka mimba zimatha? Awa akachira, mawa kubwera ena. Mwanayu adzatuluka liti m'matsachemo?"

"This is a business, madamu. Amama awa akachoka, sachoka okha. Ganizirani za amuna anu amene ali gone kunyumba. Muyambe lero."

Polishi ndinamusiya patebulo pomwepo. M'mawa wonsewo ndinaphunzitsa ngati munthu wodwala malungo. Musaganize kuti mayi wanu sindinkaopa. Ndinkaona bambo anu ndi chikhakha chawo, ndinkaona inu atatu, ndipo mawu ena mumtima ankandiuza kuti n'kanthawi kochepa, ukhoza kumakhala naye m'chipindamo, kumuimbira nyimbo, sadziwa n'komwe. Koma mwana amene ankadziwa tanthauzo la malovu akanalephera bwanji kudziwa tanthauzo la chitseko? Ndipo anzake ndikanawauza chiyani, ine amene ndinkawanenetsa tsiku ndi tsiku kuti mwana sasinthitsa? Belu litalira ana anathamangira pa mzere. Lusungu anali kale pamalo pake, chipewa kumutu, kachikwama kumsana, dzanja lake lili m'dzanja la Tawonga. A Dayilekita anaima pakhonde akundiyang'ana. Ntchito imene anandipatsa inali yaing'ono, kupita pamenepo n'kulekanitsa timanja tiwiri. Ndinayang'ana timanjato, n'kunena kuti, "Tiyeni, ana."

Titayandikira geti Tawonga anaona galimoto n'kumasula dzanja la Lusungu, ine ndinaligwira. Mayi Mvula anatuluka m'galimoto, nationa, ndipo pamaso pa ana onse anakoka bulauzi n'kulavula. Pamenepo ndinaphulika. Zonse sindikuzikumbukira, koma ndikudziwa kuti ndinakuwa m'Chichewa cha pamsika, pa sukulu ya Chingerezi chokhachokha. Ndinati, "Mayi, uyu ndi mwana, ali ndi dzina, ndi Lusungu! Ali ndi maso, akukuonani! Malovu anuwo muzikalavula kwanu!" Ndinatembenukira makolo ena, anthu a mataye, akuluakulu a mipingo, amene ndinkawapatsa moni tsiku ndi tsiku, ndinati, "Nanga inu mulibe pakamwa?" Wina anayamba kufunafuna kiyi m'thumba, wina anayankha foni imene sinalire. Mayi Mvula ndimawakwiyira, koma iwo anali ndi mantha awo. Amene sindinawakhululukire ndi makolo ofunafuna makiyi aja. Mayi a Lusungu anali ataima kumbali, pafupi ndi mpanda. Anabwera, natenga mwana wawo m'manja mwanga, n'kumapita.

"Mawa musabwere," anatero a Dayilekita ana atatha. "Mutenge ndi zinsanza zanu."

Ndinakwera minibasi dengu langa lili pamiyendo. Bambo anu atamva anati, "Ndiye tidya zidolezo?" Funsolo linali loona. Mukukumbukira mandasi amene ndinkakazinga n'kumakutumani nawo pamsewu miyezi yotsatira, mpaka pamene ndinapeza malo ku Kaning'ina. Kumeneko dengu lija linagwira ntchito mpaka zidole zinang'ambika n'kusokanso zina, Nyachipewa ali momwemo, woyera monga ndinamusokera, ndipo palibe mimba imene inaonongeka. Zoti Mayi Mvula anabereka mwana wotani sindinafunse, ndipo sindifuna kudziwa.

Loweruka la sabata lomwelo

Limeneli ndilo tsiku lomaliza limene ndinamuona Lusungu. Ndikuchapa panja ndinamva odi, ndipo nditatukula mutu ndinaona mayi ake, iye ali pambali. Ndinayala mphasa pakhonde pamthunzi, ndipo kunena zoona ndinkayembekeza kuthokozedwa. Lusungu ndinamupatsa dengu, nayamba kufukula zidole. Mayi ake anakana tiyi.

"Madamu, ndabwera kudzakufunsani chinthu chimodzi," anatero moni atatha. "Munandifunsa ine?"

"Kukufunsani chiyani, mayi?"

"Za chipinda chija. A Dayilekita anandiimbira foni Lamulungu. Ndinavomera."

Ndinafunsanso kuti, "Munavomera kuti mwana wanu azitsekeredwa pamodzi ndi matsache?"

"Enya, ndinavomera." Mawu awo sanakwere. "Inu mukuganiza kuti ine sindikwiya? Amatilavulira kuyambira tsiku limene ndinatuluka naye m'chipatala. Adada ake anachoka asanamunyamuleko. Sukulu zina zonse zinandiuza kuti malo adzaza, mipando yopanda anthu ndikuiona ndi maso anga. Iyi ndiyo inamulandira. Ndinati akhale m'matsachemo kanthawi kowerukira, bola m'mawa wonse ali pakati pa wana. Tsopano andiuza kuti for her own safety asabwerenso."

Ndinakwiyanso. Ndinati tipite tikadandaule kwa akuluakulu a maphunziro, ndipita nanu, ndikachitira umboni. Anakana. Anati ngakhale mlanduwo utawakomera, mwanayo abwerera m'manja mwa anthu amene tsopano amuda, ndipo dzina lake ndi nkhope yake zidziwika tauni yonse pa nthawi imene iwo akupempherera kuti asadziwike. Ine mpaka lero ndimakana kuti chitseko chija chinali choyenera, ndipo atandibwezera tsiku lija ndingayendenso naye mpaka pa geti. Koma mayi uja ndakangana naye mumtima zaka zonsezi ndipo sindinamugonjetsepo. Chimene chimandipsetsa mtima n'chakuti amene anatifikitsa pamenepo, amayi awiri ofunira mwana mmodzi zabwino kumalozana zala pakhonde, Loweruka limenelo anali kunyumba kwawo akupuma.

"Ndiye azibwera kuno," ndinatero. "Ntchito ndilibe, nthawi ndili nayo. Ndimuphunzitsa ine pakhonde pano, popanda kulipira. Pofika ku pulayimale adzakhala akuwerenga."

Anayang'ana bwalo lathu, zochapa zili pachingwe, bambo anu akutsokomola m'nyumba.

"Pano pali wana angati a msinkhu wake?"

"Palibe. Anga onse ali ku pulayimale."

Anaimirira, nakonza chipewa cha mwana wawo, namuchotsa chidole m'manja n'kuchibwezera m'dengu mofatsa.

"Yewo, Madamu. Koma ma ABC ndikhoza kumuphunzitsa ndekha kunyumba, ndinafika Fomu 4. Ine kusukulu kuja ndinkalipira kuti akhale ndi anzake."